Echo Sounder ndi Tenti Yoyanikira Nsomba: Zimene Ma BVC Ayenera Kudziwa

Pa misonkhano ya ma BVC takhala tikulandira mafunso awiri. Eni zilimira akufunsa za kachipangizo koonera nsomba pansi pa madzi kotchedwa echo sounder. Amayi oyanika nsomba nawo akufunsa chifukwa chimene tenti ya pulasitiki imadontha madzi m'mamawa ngakhale mvula isanagwe. Mafunso awiriwa tiwayankha pamodzi, chifukwa phindu la banja la msodzi silidziwika pokoka khoka. Limadziwika tsiku limene thumba la usipa lamasulidwa pa msika.

Zimene timaona mu msika wa Lilongwe

Nsomba zambiri za ku Salima, Nkhotakota ndi Mangochi zimakatsikira ku msika waukulu wa ku Old Town, kufupi ndi depoti ya mabasi. Tikapita ku likulu pa ntchito timadzerako. Wogula mopikulitsa sakhulupirira usipa wa pamwamba. Amapisa dzanja mpaka pakati pa thumba, n'kununkhiza. Akapeza kuti ndi wofewa, wada, kapena wayamba chuku, mtengo amatchula ndi iyeyo. Mayi amene walipira kale galimoto sangabwerere nawo kunyanja, ndiye amangogulitsa.

Ogwira ntchito m'maofesi a ku City Centre ndi okhala ku Area 10, Area 12 ndi Area 43 ambiri amagula m'masitolo, kumene nsomba zimakhala m'mapaketi oonekera mkati. Kumeneko mtengo ndi wabwino, koma paketi yochita thukuta palibe amaitola. Choncho mdani wathu ndi chinyontho.

Anzathu a kumaiko ozizira

Mavuto awiriwa si athu tokha. Ku Canada, ku Finland ndi kumpoto kwa America, nyanja zimaundana pamwamba m'nyengo yozizira mpaka munthu kuyendapo. Asodzi a mbedza amaboola dzenje pa ayisi, n'kuikapo tenti kapena kanyumba, ndipo mkati amayatsa chitofu cha gasi kuti afundidwe. Poti nsomba sazionera pamwamba, amatsitsira echo sounder m'dzenje lija. Koma tenti ikafunda, mpweya umene akupuma ndi nthunzi ya chitofu zimakagunda denga lozizira n'kusanduka madontho. Gasi wolemera kilogalamu imodzi akapsa amatulutsa madzi opitirira lita imodzi ndi theka. Mankhwala ake anawapeza kale: kusiya potulukira mpweya pamwamba ndi polowera mpweya pansi, ngakhale kunja kukuzizira chotani. Kwathu kuno kulibe nyanja youndana, koma phunziro lake ndi lomwelo.

Mmene echo sounder imagwirira ntchito

Mukafuula pafupi ndi phiri, mawu amabwerera. Echo sounder imachita chimodzimodzi m'madzi. Kamutu kake kamene kamamizidwa pambali pa boti kamatumiza kaphokoso pansi, n'kudikira kuti kabwerere. M'madzi phokoso limayenda pafupifupi mamita 1,500 pa sekondi imodzi, choncho makina amawerengera nthawi n'kudziwa kuya kwake. Pa galasi pamaoneka mzere wa pansi pa nyanja, virundu pamene utaka umasonkhana, ndi timizere ta nsomba. Chimene chimabweza phokoso kwambiri ndi kathumba ka mpweya ka m'mimba mwa nsomba.

Pa Nyanja ya Malawi makinawa si achilendo. Pakati pa 1991 ndi 1994, kafukufuku wa boma la Britain ndi SADC amene anali ku Senga Bay anagwiritsa ntchito njira yomweyi pa sitima ya Usipa poyeza kuchuluka kwa nsomba za pakati pa nyanja. Chasintha n'chakuti masiku ano kuli timakina ting'onoting'ono toyendera batire, toti munthu n'kuika m'boti la matabwa.

Musanagule, dziwani zinthu zinayi izi:

1. Makinawa amaona pansi pa boti pokha. Ambiri amaona bwalo limene kutambalala kwake ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya kwa madzi. Pamene paya mamita 30, mukuona bwalo la mamita 10 basi.

2. Satchula mtundu wa nsomba. Mphutsi za nkhungu, tizilombo timene timatuluka m'nyanja ngati utsi, nazonso zili ndi timatumba ta mpweya ndipo zimaoneka pa galasi ngati mtambo. Wosazolowera akhoza kuponya chilimira pa mphutsi. Diso la siginala wodziwa ntchito likufunikabe.

3. Nyanja yathu ndi yakuya pafupifupi mamita 700, koma kupyola mamita 250 kulibe mpweya woti nsomba n'kupuma. Musalipire ndalama zambiri pa makina oona kuya kumene kulibe nsomba.

4. Batire ndi mawaya zimadana ndi madzi. Zisungeni m'bokosi louma, ndipo kamutu kasayandikane ndi injini chifukwa thovu limasokoneza chithunzi.

Chachikulu n'chakuti echo sounder siichulukitsa nsomba m'nyanja. Imangofulumizitsa kuzipeza. Maboti onse akakhala nayo, nsomba zilibenso kobisala. N'chifukwa chake nyengo yotseka nyanja, malo oswanirana nsomba ndi kukula kwa maso a ukonde ziyenera kulemekezedwa koposa kale. Ntchito ya ma BVC inayambira ku Nyanja ya Malombe mu 1993 chambo chitatha, ndipo lamulo la za usodzi la 1997 linatsegula njira yoti anthu a m'madoko aziyang'anira nsomba pamodzi ndi boma. Udindo umenewo sunachoke chifukwa kwabwera makina.

Madzi a mu tenti amachokera kuti?

Matenti oyanikira nsomba ndi dzuwa anayesedwa m'madoko a Mangochi ndi Salima pakati pa 2014 ndi 2017, pa ntchito imene Dipatimenti ya za Usodzi inagwira ndi Chancellor College ndi bungwe la WorldFish. Ubwino wake tikuudziwa: nsomba sizigwidwa mvula, fumbi, ntchentche kapena akhwangwala. Koma tenti ili ndi khalidwe lake lofunika kulimvetsa.

Nsomba yaiwisi, magawo atatu mwa anayi ndi madzi. Mukaika usipa wolemera makilogalamu 100 pa matandala, madzi okwana malita pafupifupi 70 ayenera kuchoka kuti uume. Amenewo ndi ndowa zitatu ndi theka za malita 20. Madziwa sasowa. Amalowa mu mpweya wa mu tenti ngati nthunzi.

Mpweya wotentha umanyamula nthunzi yambiri, wozizira umanyamula yochepa. Tiyerekeze bokosi lotalika mita imodzi mbali zonse. Pa madigiri 40, mpweya wa m'bokosilo unganyamule magalamu 51 a madzi. Pa madigiri 30 unganyamule magalamu 30, ndipo pa madigiri 20 magalamu 17 okha. Dzuwa likalowa, pulasitiki imazizira msanga. Mpweya wonyowa ukakhudza pulasitikiyo umatula madzi amene walephera kunyamula. Ndi zomwe zimachitika pa chivundikiro cha mphika wa ndiwo, kapena kunja kwa botolo la chakumwa chozizira. Madonthowo akagwera pa usipa, ntchito ya dzulo yabwerera m'mbuyo.

Ambiri amatseka mazenera onse poganiza kuti tenti ikatenthetsa nsomba ziuma msanga. Uku n'kulakwitsa. Kutentha kumatulutsa madzi m'nsomba, koma chowachotsa mu tenti ndi mpweya woyenda. Mukatseka paliponse, nsomba zimangophikika mu nthunzi yake yomwe.

Zoyenera kuchita

1. Mazenera a pansi ndi a pamwamba akhale otsegula pamene nsomba zili mkati. Mpweya wouma ulowere pansi, wonyowa utulukire pamwamba. Sefa ya pa mazenera muziitsuka, chifukwa fumbi ndi akangaude zimatseka mpweya.

2. Nsomba zikhe madzi kaye pa mthunzi musanazilowetse. Usipa wofutsa usalowe ukufuka nthunzi.

3. Yalani mopyapyala, nsomba zisasanjikizane. M'nyengo ya mvula mpweya wa kunja umakhala wonyowa kale, choncho chepetsani katundu.

4. Lowetsani m'mawa kuti madzi ambiri achoke dzuwa lisanalowe.

5. Kokani pulasitiki ya denga kuti ikhale yolimba ndi yotsetsereka. Ikalendewera, madontho amasonkhana pamenepo n'kugwera pa thandala. Matandala asakhudze khoma.

6. M'mamawa pukutani mkati mwa pulasitiki ndi nsalu yoyera, ndipo madzi asadikhe pansi.

7. Musalowetse mbaula mu tenti yotseka. Makala amatulutsa mpweya wa poizoni wosaoneka ndi wosanunkha umene umapha munthu ali m'tulo. Asodzi a pa ayisi aja amachenjezedwa za ngozi yomweyi chaka chilichonse.

Thumba nalo limachita thukuta

Ulendo wa kuchoka ku Salima kupita ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100, koma ndi wokwera. Nyanja ili pa mamita osafika 500 kuchokera pa mulingo wa nyanja ya mchere, pamene Lilongwe ili pa mamita opitirira 1,000. Mu June ndi July usiku wa ku Lilongwe umazizira mpaka pansi pa madigiri 10. Mukalonga usipa ukadali wotentha, n'kuukuta ndi lona, thumba limakhala ngati tenti yaing'ono yopanda zenera. Likagona pa simenti yozizira ku msika, pofika m'mawa mkati mwanyowa.

Choncho usipa ukatuluka mu tenti, uyaleni pa mthunzi uzizire musanalonge. Wouma bwino umathyoka, supindika. Amene mukufuna kulonga m'mapaketi, yesani kaye: tengani wodzaza dzanja, mangani mu jumbo yoonekera, igone usiku umodzi. Mukaona timadontho m'mawa, ubwezereni pa thandala. Posunga, matumba akhale pa matabwa, asatsamire khoma.

Ntchito ya komiti

Tikupempha BVC iliyonse imene ili ndi tenti kuti isankhe munthu woyang'anira mazenera ndi pulasitiki, ndipo pa ndalama zolipira poyanika pazipatulidwa ya zigamba. Gwirizanani mulingo wa nsomba zolowa pa thandala limodzi, ndipo usasinthe chifukwa mwini katundu ndi wachibale wa wapampando. Pa za echo sounder, kambiranani ndi mafumu ndi eni zida makinawa asanachuluke pa doko lanu, ndipo lembani m'kaundula maboti amene ali nawo.

Kwa bambo amene mukusunga ndalama ya echo sounder, khalani pansi ndi mayi kunyumba muwerengere kuti nyengo yathayi matumba angati anagulitsidwa motchipa chifukwa cha chinyontho. Mwina mupeza kuti choyamba kugula ndi pulasitiki ndi sefa. Amene muli ndi mafunso, onanani ndi mlangizi wa za usodzi wa m'dera lanu, kapena muwabweretse pa msonkhano wa BVC ukubwerawu.