KUTUWA NDI ZIKANG'A M'NYENGO YOZIZIRA

Kwathu ku Area 23, mwezi wa Juni ukangolowa sipafunikanso kalendala. Ingoyang'anani miyendo ya ana amene akutunga madzi pa kiyosiki m'mamawa: yatuwa mbuu ngati agubuduzika m'phulusa. Ena milomo yang'aluka, ena akuyenda monyang'ama kaamba ka zikang'a. Kunonso kusukulu vuto ndi lomweli, kungoti timalibisa m'masokosi.

Ambiri timaganiza kuti kutuwa ndi chizindikiro cha uve. Si nthawi zonse ayi. Munthu atha kusamba kawiri patsiku koma n'kutuwa kuposa mnzake. Tiyeni tione chimene chimachitika.

Pamwamba pa khungu lathu pali kachikopa kopyapyala zedi kamene kamasunga madzi. Khungu limatulutsanso mafuta akeake otchinga madziwo kuti asathawe. Tsono mzinda wa Lilongwe uli pamalo okwera mamita oposa 1,000, ndipo mvula ikaleka cha mu Epulo mpweya umauma. Mu Juni ndi Julayi, usiku kumazizira mpaka madigiri 10 kapena kutsikirapo. Mpweya woumawu, pamodzi ndi mphepo ya mwera, umayamwa madzi a pakhungu monga momwe umaumitsira zovala pachingwe. Kachikopa kaja kakauma kamafundukafunduka, ndipo n'kumene timati kutuwa. Kuphazi ndi m'manja zinthu zimafika poipa chifukwa malo amenewa alibe tiziwalo totulutsa mafuta. Chidendene chikauma n'kumapondedwa ndi thupi lonse, chimang'aluka ngati dothi la m'dambo mu Okutobala.

Pamenepa ife eni timaonjezera moto. Poopa kuzizira timasamba madzi otentha kwambiri, ndipo ambiri timasambira sopo wochapira zovala. Ziwiri zonsezi zimakokolola mafuta achilengedwe aja. Madzi ofunda pang'ono ndi okwanira, ndipo sopo wambiri apite m'khwapa, m'mphechepeche ndi kumapazi. Kukhula miyendo ndi chinkhupule mpaka kuwawa n'kungodzipweteka. Koma anzanga amene mumathawiratu kubafa sabata yonse, musati ndikukuikirani kumbuyo.

Chachikulu chimene ndikufuna tigwire ndi nthawi yodzolera mafuta. Chaka chatha ndinapita kutchuthi chidendene chikutuluka magazi, mpira osamenya. Ndinadandaula kwa amayi kuti mafuta amene anandigulira ndi achabe. Iwo anaseka nati, “Iwe, mafutawo alibe mlandu. Umadzola utauma kale ngati chikuni. Udzitsekera chiyani m'khola lopanda mbuzi?” Ndinadzamvetsa pambuyo pake. Vaseline saika madzi m'khungu, ntchito yake ndi yotsekera madzi amene alimo kale. Motero mukangosamba, dzipukuteni pang'ono, ndipo dzolani thupi lidakali lonyowerera. Kudikira mpaka mutavala ndi kupesa n'kutaya mafuta pachabe.

Mwa njira, Vaseline ameneyu ali ndi mbiri yoseketsa. M'chaka cha 1859, Robert Chesebrough anapita ku Titusville, ku Pennsylvania m'dziko la America, kumene ankakumba mafuta a pansi. Anaona antchito akudzola pazilonda zawo phula limene linkamata pamakina. Iye analiyeretsa phulalo, ndipo mu 1872 analembetsa njira yake yopangira. Kabotolo kamene timabwerekana m'chipinda chogona kanachokera kumeneko.

Gilisalini amagwira ntchito mosiyana. Iye amakoka madzi n'kuwasunga pakhungu, n'chifukwa chake ndi bwino kumusakaniza ndi madzi pang'ono m'chikhatho, kenaka n'kupaka Vaseline pamwamba. Kwa amene m'thumba mwauma, timadontho ta mafuta ophikira tingathandize pamiyendo, ngakhale fumbi la m'misewu ya kwathu limakondwera nawo kwambiri.

Zikang'a zimafuna chipiriro. Madzulo viikani mapazi m'madzi ofunda kwa mphindi 10, kwechani pang'onopang'ono ndi mwala wosalala, dzolani mafuta ambiri ndi kugona mutavala masokosi. Osadula khungu lokhakhalalo ndi lezala. Mng'alu umakula ndipo tizilombo timalowa. Pamilomo pakani Vaseline ndithu, ndipo lekani kunyambita. Malovu akauma amasiya mlomo utauma koposa poyamba.

Chenjeraninso ndi mbaula. Kuothera moto pafupi tsiku ndi tsiku kumasiya mawanga akuda pamiyendo amene amatenga miyezi kuti achoke. Choopsa koposa n'kugona ndi mbaula m'nyumba yotseka, pakuti makala amatulutsa mpweya wakupha umene sununkha konse.

Komatu si kuyabwa kulikonse kumene kumadza ndi kuuma kwa khungu. Ngati kukuyabwa kwambiri usiku, ndipo pakati pa zala, pamkono kapena m'chiuno pali tiziphuphu, mwina ndi mphere. Nthendayi imafala msanga pamene tikugona mothithikana ndi kubwerekana mabulangete. Mafuta odzola sachiza mphere, ndipo onse ogona pamodzi ayenera kulandira mankhwala nthawi imodzi, zofunda n'kuchapidwa. Mng'alu ukatupa, kutentha kapena kutulutsa mafinya, makamaka kwa akuluakulu odwala matenda a shuga, musazengereze. Kuno uzani amene amatisamalira tikadwala. Mukakhala kunyumba, chipatala cha Kawale sichili patali ndi Area 23.