Filimu yomwe idaika miyoyo ya asodzi pachiswe

Mafunde aatali kuposa nyumba akumenya matanthwe. Pakati pa namondweyo kabwato ka asodzi kakumira n'kuyandamanso, uku mayi ndi mwana wake ali kumtunda, mitima ili m'mwamba.

Umu ndi mmene imathera filimu ya Man of Aran yomwe idatuluka mu 1934. Ambiri omwe adaiona adakhulupirira kuti akuona moyo weniweni wa asodzi a pa zilumba za Aran, kumadzulo kwa dziko la Ireland. Sadadziwe kuti zambiri zidali zochita kukonza.

Yemwe adajambula filimuyi ndi Robert Flaherty wa ku America, yemwe adakhala pa chilumba cha Inis Mór pafupifupi zaka ziwiri.

Zina zomwe adajambula zidali zoona. Chilumbachi ndi chamiyala yokhayokha moti anthu ankachita kupanga dothi posakaniza mchenga ndi ndere za m'nyanja kuti adzalepo mbatatesi.

Koma bambo, mayi ndi mwana a m'filimuyi silidali banja limodzi. Flaherty adawasankha m'makomo osiyanasiyana potengera maonekedwe awo. Colman King ndiye adakhala bambo pomwe Maggie Dirrane adakhala mayi.

Nkhani yaikulu idali pa shaki. Kalekale anthu a pa Aran ankasaka chinsomba chachikuluchi ndi mikondo pofuna mafuta oyatsira nyale, koma pomwe Flaherty ankafika n'kuti usodziwu utatha zaka zambiri m'mbuyomo. Asodziwo adachita kuphunzitsidwanso kuti kamera ipeze chojambula.

Namondwe yekha ndiye sadali wamasewera. Amunawo adalowadi m'nyanja itakalipa, ndipo bwato likadagubuduzika maliro ake akadakhala enieni.

Filimuyi idapata mphoto ku Venice m'chaka chomwecho, koma ena adaidzudzula kuti idakometsa umphawi n'kubisa chomwe chinkausautsa anthuwo.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, George Stoney adapita pa chilumbachi kukajambula filimu ina, How the Myth Was Made, momwe eni nthaka adafotokoza okha mmene zidayendera. Ena adanyadira kuti kwawo kudatchuka, ena adadandaula kuti dziko lidawaona ngati anthu otsalira.

Lero aliyense wa foni m'manja atha kujambula filimu yooneka ngati yoona. Banja likakhala pansi kuonera, ndi bwino kufunsana: adajambula ndani, nanga ojambulidwawo adapindulanji?