Buku la Mlembi wa Mpingo ndi Lamulo la ku Joni

Mmalawi akangofika ku Johannesburg, ofesi yoyamba kulemba dzina lake nthawi zambiri imakhala tebulo la mlembi wa mpingo, kumbuyo kwa holo ya sukulu kapena m'chipinda cha lendi ku Rosettenville, Turffontein, Yeoville kapena Diepsloot. Zolengeza zikafika, alendo amaimiritsidwa n'kuwomberedwa m'manja. Mapemphero akatha, mlembi amabwera ndi buku lake: dzina, nambala ya foni, kumene akukhala, kwawo ndi kuti, ali pabanja kapena ayi, ana alipo angati. Wa CCAP amafunsidwa kalata ya msamuko. Mkatolika amafunsidwa chikalata cha ubatizo, n'kuuzidwa mphakati wa dera lake.

Amenewo ndi mayambiriro chabe. Msungichuma ali ndi makhadi a chopereka, ndipo aliyense wodziwa masamu akaona chakhumi cha munthu adziwiratu malipiro ake. Amayi a Mvano ndi Chigwirizano ali ndi mndandanda wa odwala oyenera kuyenderedwa. Aphunzitsi a Sande sukulu ali ndi mayina ndi zaka za ana. Bwalo la akulu a mpingo limalemba zokambirana zake, ndipo m'menemo muli mikangano ya m'mabanja, mimba zosayembekezera ndi mayina a amene anadulidwa. Komiti ya maliro, imene imanyamula udindo wolemera wotumiza thupi kumudzi, imasunga zithunzi za mapasipoti ndi manambala a abale a ku Mangochi, Mzimba kapena Mulanje. Mbusa amene nthambi ya Home Affairs inamuvomereza kumangitsa maukwati amadzaza mafomu a boma okhala ndi manambala a ziphaso. Kuwonkhetsa zonsezi, mpingo wa anthu ochepa umadziwa za mkhristu wake zambiri kuposa banki ndi bwana wa kuntchito.

Kuyambira pa 1 Julaye 2021, zonsezi zili pansi pa lamulo lomwe anthu a ku South Africa amangolitchula kuti POPIA. Linakhazikitsidwa mu 2013, mbali zake zambiri zinayamba kugwira ntchito pa 1 Julaye 2020, ndipo mabungwe anapatsidwa chaka chimodzi kuti akonze m'nyumba mwawo. Tsinde lake ndi gawo 14 la malamulo aakulu a dzikolo, limene limapereka kwa munthu aliyense ufulu wosungiridwa chinsinsi, mbadwa ndi mlendo yemwe. Amene amaonetsetsa kuti lamuloli likutsatidwa ndi bungwe la Information Regulator, lomwe likulu lake lili mu Johannesburg momwemo. Wapampando wake woyamba, amene anasankhidwa mu 2016, ndi Pansy Tlakula, yemwe kale ankatsogolera bungwe loyendetsa zisankho.

Atsogoleri ambiri a mipingo ing'onoing'ono amaganiza kuti lamuloli ndi la mabanki ndi makampani a mafoni. Akulakwitsa. Limakhudza aliyense amene amasankha cholinga ndi njira yogwiritsira ntchito uthenga wa anthu ena, kaya mpingowo unalembetsedwa ku boma kapena ayi. Silinena za kompyuta zokha: buku la chikuto cholimba lija, malinga ngati linalembedwa mwadongosolo loti dzina la munthu n'kulipeza, ndi nkhokwe ya uthenga pamaso pa lamulo. Chimene lamulo silikhudza ndi zinthu za munthu payekha kapena za m'banja mwake, ndipo ntchito ya mpingo siilowa m'gulu limeneli.

Mfundo zake zikuluzikulu zilipo zisanu ndi zitatu, koma kwa mlembi wa mpingo zimangotanthauza zinthu zochepa. Afunse zokhazo zimene ntchitoyo ikufuna. Amuuze munthu chifukwa chimene akumufunsira ndi kumene uthengawo udzapite. Asaugwiritse ntchito ina yosagwirizana ndi cholinga choyamba, ausunge pabwino, ndipo ntchito yake ikatha auwononge. Nthawi ya Covid-19 ndi chitsanzo chomveka. Nyumba zopemphereramo zitaloledwa kutsegulidwanso pa 1 Juni 2020, anthu osaposa 50 pa msonkhano umodzi, mipingo inalamulidwa kulemba mayina, ma adiresi ndi manambala a foni a onse olowa, kuti wina akapezeka ndi matendawa anzake adziwitsidwe. Cholinga chimenecho chinatha kalekale. Mpingo umene ukusungabe mapepala aja m'katoni pansi pa gome, kapena unatengamo manambala n'kumatumizira anthu mauthenga opempha ndalama za denga, wadutsa malire.

Pali gawo limene linalembedwera mipingo mwachindunji, ndipo ndi loyenera kuimapo. Gawo 26 la POPIA limatchula mitundu ya uthenga yoopsa kwambiri imene siyenera kugwiridwa mwachisawawa: chipembedzo cha munthu, mtundu wake, umembala wa bungwe la apantchito, mbali yake pa ndale, thanzi ndi moyo wake wa kuchipinda, zidindo za zala ndi zina za thupi lake, komanso milandu imene akuganiziridwa. Zikanathera pomwepo, kaundula aliyense wa mpingo akanakhala wolakwa, popeza kungolembedwa m'menemo kumaulula chimene munthu amakhulupirira. N'chifukwa chake gawo 28 limamasula mabungwe achipembedzo kuti asunge uthenga wa chikhulupiriro cha mamembala awo. Limawalolanso kulemba za chipembedzo cha abale a membala, ngati mpingo umakumana nawo kawirikawiri pa ntchito zake ndipo iwo sanakane polemba kalata. Mwamuna amene mkazi wake yekha ndiye amapemphera ali ndi ufulu wolemba kuti za iye zichotsedwe.

Koma gawo lomwelo limatseka chitseko china: uthengawo usaperekedwe kwa anthu akunja mwini wake asanavomere. Apa ndi pamene mipingo yambiri imaterereka, kawirikawiri ndi mtima wabwino. Wogulitsa inshulansi ya maliro amabwera Lamulungu, amapatsidwa mphindi zisanu zolankhula, kenako n'kupempha mndandanda wa manambala kuti awaimbire akhristu mmodzimmodzi. Mnzake wa kampani yotumiza ndalama kumudzi amachita chimodzimodzi. Mlembi akapereka mndandandawo waphwanya lamulo, ndipo kampani imene ikutumiza mauthenga amalonda pa foni kwa anthu osavomera ili ndi gawo 69 lakelake loyankhapo. Njira yowongoka ndi yoti wamalonda asiye nambala yake, ofuna amutsatire okha.

Chilolezo cha gawo 28 ndi cha chipembedzo basi. Sichifika pa matenda. Mkulu wa mpingo akaima kutsogolo n'kunena kuti mayi wakutiwakuti wagonekedwa ku chipatala cha Helen Joseph, n'kutchula ndi nthenda yake yomwe, amafunika kukhala atapempha kaye kwa wodwalayo. Wina amafuna mapemphero a mpingo wonse. Wina amangofuna abusa adziwe. Kusiyana kwa awiriwa kumadziwika pofunsa. Mipingo imene imaulutsa mapemphero pa Facebook ndi YouTube ili ndi katundu wolemera koposa, chifukwa umboni wa machiritso umene munthu anapereka misozi ili m'masaya umatsala pa intaneti kwa zaka, ndipo amauonera ndi apongozi ake ku Balaka, bwana wake ku Sandton ndi mwini nyumba imene amachita lendi. Za ana osakwana zaka 18, magawo 34 ndi 35 amafuna chilolezo cha kholo kapena womulera, ndipo chithunzi cha kwaya ya Sande sukulu chili m'gulu lomweli.

Amene akuona ngati uku n'kukokomeza amve za mayi wina wa ku Sweden, amene ankathandiza mongodzipereka pa parishi yake. Anakonza tsamba la pa intaneti lofotokoza za iye ndi anzake 18 otumikira pampingopo, mwanthabwala ndithu, ndipo anatchulapo kuti mmodzi wavulala phazi moti akugwira ntchito theka la tsiku. Analipitsidwa chindapusa, nkhani inafika ku khoti lalikulu la mayiko a ku Ulaya, ndipo mu Novembala 2003 khotilo linagamula kuti kutchula phazi lovulala n'kuulutsa za thanzi la munthu. Lamulo la South Africa linatengera zambiri ku malamulo a ku Ulaya oteteza uthenga wa anthu. Lero tsamba la mayi uja lasanduka gulu la WhatsApp la mlaga kapena mphakati, kumene munthu amangodzuka ataikidwamo, nambala yake ikuoneka kwa anthu mazana awiri amene sakuwadziwa.

Kwa Mmalawi wa ku Joni nkhaniyi ili ndi mbali ina imene mbadwa siiganizira. Mu Meyi 2008 zipolowe zolimbana ndi alendo zinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62 m'dziko lonse. Miyezi ingapo izi zisanachitike, kumapeto kwa Januwale, apolisi anathyola usiku tchalitchi cha Central Methodist pa msewu wa Pritchard, kumene Bishopu Paul Verryn ankasunga othawa kwawo ambiri a ku Zimbabwe, n'kumanga mazana a anthu. Gulu la Operation Dudula, limene linayambira ku Soweto mu 2021, lakhala likuima pa zipata za zipatala kufunsa anthu ziphaso, mpaka khoti lalikulu la ku Johannesburg linagamula mu Novembala 2025 kuti mphamvu yofunsa ziphaso ili ndi apolisi ndi ogwira ntchito yoona za olowa ndi otuluka okha. M'mzinda wotere, pepala lokhala ndi mayina a alendo, ma adiresi awo ndi mzere wonena amene ali ndi pemiti ndi amene alibe ndi moto wosungidwa m'thumba. Mpingo sufunika kudziwa za pemiti kuti ubatize munthu kapena umupatse mgonero, choncho funsolo lilibe malo pa fomu ya umembala. Pasipoti ikafunika pa za maliro, isungidwe ndi anthu awiri kapena atatu a komitiyo, osati kuponyedwa pa gulu. Chikalata cha khoti chikabwera, mpingo uyenera kumvera. Gulu la anthu loima pakhomo kapena mwini holo alibe ufulu woona kaundula.

Amene amasenza udindo wonsewu ndi mtsogoleri wamkulu wa bungwelo, amene lamulo limamutenga kukhala mkulu woyang'anira uthenga. Ayenera kulembetsedwa ku Information Regulator, ndipo angathe kusankha omuthandiza. Gawo 19 limafuna chitetezo choyenerana ndi kuopsa kwa uthengawo. Pampingo wa ku Turffontein izi sizifuna makina odula. Zimafuna kabati yokhoma, foni ndi laputopu zokhala ndi nambala yachinsinsi, ndi mwambo woti mlembi akatsika pampando apereke mabuku onse n'kufufuta zotsala m'foni mwake. Mipingo ya alendo imagawikana kawirikawiri, ndipo wochokayo amapita ndi mndandanda wonse kukayambira mpingo wake. Kumeneko n'kuba uthenga, ngakhale kuchitike ndi nyimbo ndi pemphero.

Foni ya mlembi ikabedwa mu tekisi ku Bree, kapena wina akalowa mu imelo ya mpingo, gawo 22 limalamula kuti Information Regulator ndi anthu okhudzidwa adziwitsidwe mwamsanga. Chindapusa chingafike pa R10 miliyoni, milandu ina ili ndi chilango cha ndende mpaka zaka 10, ndipo wolakwiridwa angathenso kusumira chipukutamisozi. Chindapusa choyamba, cha R5 miliyoni, chinagwera boma lenilenilo: mu Julaye 2023 nthambi ya zachilungamo inalangidwa chifukwa chonyozera lamulo loti ikonze chitetezo cha makompyuta ake, amene akuba a pa intaneti anawathyola mu Sepitembala 2021.

Mayina akamawoloka malire kupita ku ofesi ya sinodi kapena likulu la mpingo ku Blantyre, Nkhoma kapena Mzuzu, ngati ofesiyo ndi bungwe loima palokha, gawo 72 limalowapo. Limalola ngati mwini wavomera, ngati pali mgwirizano wolemba woteteza uthengawo, kapena ngati dziko lolandira lili ndi lamulo lofanana mphamvu. Malawi anakhazikitsa lamulo lake loteteza uthenga wa anthu mu 2024, ndipo loliyang'anira ndi bungwe la MACRA. Chophweka ndi mzere umodzi pa fomu wofunsa membala ngati akulola kuti dzina lake litumizidwe kumudzi.

Membala naye ali ndi mphamvu zimene ambiri sazidziwa. Angathe kufunsa, mosalipira, ngati mpingo ukusunga za iye, ndipo angapemphe kuona zimene zinalembedwa. Zolakwika, zakale kapena zopitirira muyeso angalamule kuti zikonzedwe kapena zifufutidwe, ndipo chilolezo chimene anapereka angachibweze. Pamene pamavuta ndi pa kaundula wa ubatizo, amene mipingo ngati ya Katolika imamuona ngati mbiri yosafufutika. Ngakhale ku Ulaya sanamvane: mu 2023 oyang'anira nkhanizi ku Ireland analola arkidayosizi ya Dublin kusunga mayina a amene anachoka mumpingo, pamene anzawo a ku Belgium analamula dayosizi ya Ghent kufufuta dzina la munthu amene anapempha. Koma nambala ya foni, adiresi ndi chithunzi cha pasipoti cha munthu amene anasamuka zaka zapitazo zilibe chodzitetezera chotere.

Wolakwiridwa ayambe ndi kalata yopita kwa mlembi kapena abusa, asunge kope lake. Akapanda kuthandizidwa, dandaulo limapita ku Information Regulator pa fomu imene ili pa tsamba la bungweli pa intaneti. Kudandaula n'kwaulere, ndipo lamulo silifuna kuti wodandaula akhale nzika ya South Africa.