Kubwereza ntchito pokonza mapulani a zomangamanga

Kubwereza ntchito pokonza mapulani kumachitika mainjiniya akabwerera ku gawo lomwe analimaliza kale chifukwa gawo lina lasintha. Izi zimachuluka pamene magawo angapo akudalirana, moti lililonse silingathe popanda zotsatira za linzake. Kubwereza kosakonzekera kumachedwetsa ntchito ndi kukweza mtengo wake, n'chifukwa chake akatswiri anapeza njira zoonera kudalirana kumeneku papepala ntchito isanayambe.

Chitsanzo cha ku Mpingwe

Bungwe la Blantyre Water Board limatenga madzi ake ambiri mu mtsinje wa Shire pa Walker's Ferry. Pofuna kuonjezera madzi mumzindawu, linakhazikitsa ntchito yotenga madzi mu mtsinje wa Likhubula ku Mulanje, kuwayeretsa ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, kenako kuwapopera mu thanki ya pa phiri la Mpingwe ku Limbe. Ntchitoyi inachitika ndi ngongole ya madola 23.5 miliyoni yochokera ku India, ndipo inakonzedwa kuti izipereka malita 20 miliyoni patsiku.

Pa ntchito yamtunduwu, wosankha pampu amafunika kudziwa kukula kwa paipi, popeza paipi yopapatiza imafuna pampu yamphamvu. Wosankha paipi naye amafunika kudziwa mphamvu ya pampu kuti paipiyo isaphulike. Malo a thanki akasunthidwa kukwera mtunda, onse awiri amawerengeranso masamu awo. Mtengo ukapitirira ndalama zomwe zilipo, onse amabwerera m'mbuyo.

Tchati cha kudalirana

Njira za CPM ndi PERT, zomwe zinayamba m'zaka za m'ma 1950, zimaonetsa magawo a ntchito akutsatana kupita kutsogolo kokha. Sizionetsa ntchito yobwerera m'mbuyo. M'chaka cha 1981, Donald Steward wa ku America anafalitsa njira yomwe lero imatchedwa Design Structure Matrix.

Pa njirayi amajambula tchati cha timabokosi. Magawo onse amawalemba m'mbali kutsika pansi, n'kuwalembanso pamwamba mu ndondomeko yomweyo. Gawo lina likamafuna uthenga kuchokera ku linzake, amaika chizindikiro m'kabokosi komwe mizere yawo ikukumana. Chizindikiro chikasonyeza kuti gawo loyambirira likudikira uthenga wa gawo lomwe lidzachitike pambuyo pake, pamenepo ndiye pali kubwereza.

Akatero amasintha ndondomeko ya magawo kuti zizindikiro zotere zichepe. Magawo omwe sangalekanitsidwe, monga pampu ndi paipi, amawaika m'gulu limodzi kuti eni ake azigwirira ntchito pamodzi. Amayamba ndi nambala yongoyerekeza, n'kumaikonza mpaka masamu a onse atagwirizana.

Kuyerekeza nthawi

M'chaka cha 1997, Robert Smith ndi Steven Eppinger anasonyeza momwe tchatichi chingathandizire kuyerekeza kuchuluka kwa ntchito yobwereza, poika manambala m'malo mwa zizindikiro. Mwachitsanzo, ngati ulendo woyamba watenga masiku 10, ndipo ulendo uliwonse wotsatira ukutenga theka la nthawi ya ulendo wapitawo, masikuwo adzakhala 10, 5, 2.5 ndi kumacheperabe, ndipo onse pamodzi sadzapitirira 20. Koma ngati ulendo uliwonse ukubala ntchito yofanana ndi ya ulendo wapitawo, mapulaniwo sadzatha mpaka mainjiniya atasintha kakonzedwe kake.