Kufewetsa Kayendedwe ka Galimoto Yakale Popanda Kutaya Ndalama Zambiri

M'phunziro lathu la sayansi lero tikamba za galimoto zija zokoka ndi mawilo onse anai, monga Land Rover, Land Cruiser ndi Hilux. Land Rover yoyamba inatuluka ku Britain mu 1948, ndipo Hilux inayamba kupangidwa ku Japan mu 1968. Zina mwa galimoto za mitundu imeneyi zakalamba ndithu, koma zikali kugwira nchito m'makomboni athu a mu Lusaka, kunyamula makala, njerwa, ndiwo zamasamba ndiponso anthu.

Amene anakwerapo kumbuyo kwa galimoto yotere adziwa mmene imadumphira. Ku Kanyama malo ndi athyathyathya ndipo mwala uli pafupi pansi pa dothi, cotero madzi a mvula amacedwa kucoka. Akaphwa, amasiya maenje ndi miyala pamseu. Miseu ina ya mkati mwa Chawama, George ndi Mtendere nayo imavuta m'dzinja. Kudumphaku si nkhani yoseka ai. Mazira opita ku msika wa Soweto amasweka, ndipo wodwala amene akumutengera ku cipatala ca University Teaching Hospital amamva ululu pa dzenje lililonse. Kodi mwini galimoto amene alibe ndalama zambiri angacitepo ciani? Kuti tiyankhe, tiyambe tadziwa zinthu zitatu zimene zili pakati pa mseu ndi munthu wokwera.

Coyamba ndi tayala. Mpweya umene uli mkati mwake umapanikizika tayala likaponda mwala, ndipo umameza gawo lina la kugunda kuja. Mpira wopopedwa kwambiri umauma ndi kudumpha patali. Tayala nalo liri cimodzimodzi.

Caciwiri ndi sipuling'i. Galimoto zambiri zakale zonyamula katundu zili ndi masipuling'i a zitsulo zazitali zopyapyala, zosanjikizidwa cimodzi pamwamba pa cinzake. Aphunzitsi, onetsani ana motere. Ikani njerwa ziwiri motalikirana pang'ono, yalani rula imodzi ya pulasitiki pamwamba pake, ndi kuikapo mwala pakati. Rula idzapindika. Tsopano sanjikizani marula atatu ndi kuikapo mwala womwewo. Adzapindika pang'ono cabe, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ana ayang'anitsitse kumapeto kwa marulawo powadinikiza: adzaona kuti amaterereka pang'ono lina pa linzake. Mukawamanga zolimba ndi mphira kumapeto konse kuwiri, kutererekako kumacepa ndipo amauma kwambiri. Umu ndi mmene dzimbiri limaumitsira sipuling'i.

Cacitatu ndi shoko. Sipuling'i ikapindika imabwerera mwamphamvu, ndipo ikanakhala yokha galimoto ikanangonjanja osaleka. Shoko ndi cubu cacitsulo cokhala ndi mafuta, amene amakakamizidwa kupyola m'timabowo tating'ono. Yesani kuyendetsa cikhatho m'beseni la madzi: mukayendetsa pang'onopang'ono cimapita bwino, koma mukafulumira madzi amakukanizani. Cotero shoko imaletsa kunjanja.

Tsopano tione zimene mwini galimoto angacite, kuyambira zosafuna ndalama.

Ayambe ndi mpweya wa m'matayala. Anthu ambiri amapopa kwambiri pofuna kunyamula katundu wolemera, ndipo akatsitsa katunduyo amasiya matayala ali gwa. Amene anapanga galimoto analemba muyeso woyenera m'buku lake kapena pa kacitsulo kali pafupi ndi citseko ca woyendetsa, ndipo kawirikawiri miyeso imakhala iwiri: wa galimoto yopanda katundu ndi wa galimoto yodzaza. Ayeze ndi geji m'mawa, matayala asanatenthe. Pogula matayala ena akumbukire kuti okhala ndi m'mbali molimba kwambiri, opangidwira katundu wolemera, amagunda koposa.

Kenaka atsuke masipuling'i. Matope a m'dzinja amalowa pakati pa zitsulo zija ndi kubala dzimbiri. Makanika angathe kuzimasula, kuzipala ndi burashi ya waya, ndi kupakapo girisi pang'ono ngati ndi mtundu umene umalola girisi. Ayang'anenso kumapeto kwa sipuling'i, pamene pali tizitsulo tiwiri tolendewera tochedwa shakolo. Sipuling'i ikamapindika imatalika, ndipo shakolo imasuntha kuti iipatse malo. Shakolo ikagwidwa ndi dzimbiri, sipuling'i imasanduka ngati mtanda wa denga. Mabushi a mphira a pamenepo ndi ochipa poyerekeza ndi sipuling'i yatsopano. Makanika wodziwa nchito amamaliza kumanga mabauti ake galimoto itatsitsidwa pansi, itaima pa mawilo ake, kuti mphira isakhale yopotoka.

Akatero aone mashoko. Shoko imene yanyowa ndi mafuta kunja kwake yatha nchito. Posintha, asinthe awiri pamodzi, la kumanzere ndi la kumanja, kuti galimoto isapendekere pokhota. Ndalama zikacepa, ayambe ndi mbali imene yaonongeka kwambiri, kutsogolo kapena kumbuyo.

Pali cinanso. Masipuling'i a kumbuyo anapangidwa kuti asenze katundu wolemera, n'cifukwa cake galimoto yopanda kanthu imadumpha koposa yodzaza. Matumba awiri a mcenga a makilogalamu 50 lililonse, omangidwa bwino pamwamba pa mawilo a kumbuyo, amathandiza, ngakhale kuti mafuta amatha msanga pang'ono. Thonje la mpando likaphwa, osoka mipando angathe kuikamo lina. Koma mankhwala ochipa koposa onse ali m'phazi la woyendetsa. Akacepetsa liwiro asanafike pa dzenje, kugunda kumacepa. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mverani bwino macenjezo awa. Ena amacotsa citsulo cimodzi kapena ziwiri pa sipuling'i kuti ifewe. Zotsalazo zimasenza katundu woposa mphamvu yake, ndipo zingathe kuthyoka galimoto ili paulendo. Ena amacepetsa mpweya kupyola muyeso. Tayala lotere limatentha pamseu wa tala ndipo lingaphulike. Kufewa kumene kuika moyo pangozi kulibe phindu. Ndipo inu ana, musalowe konse pansi pa galimoto imene yaimikidwa pa jeke yokha, ngakhale wamkulu akutumeni kutola sipanala. Jeke imaterereka.

Tisayembekeze kuti galimoto yakale yonyamula katundu idzayenda ngati galimoto yaing'ono yatsopano. Koma mpweya woyenera, zitsulo zopanda dzimbiri, mabushi abwino ndi mashoko amoyo zimasintha ulendo kwambiri.

Aphunzitsi, funsani ana mafunso awa:

1. Chulani zinthu zitatu zimene zimafewetsa kayendedwe ka galimoto.
2. N'cifukwa ciani marula omangidwa pamodzi amauma koposa osamangidwa?
3. Kodi nchito ya shakolo ndi yotani?
4. Pali ngozi yanji pocotsa citsulo pa sipuling'i?

Pomaliza, ana ajambule sipuling'i m'mabuku ao ndi kulemba maina a zigawo zake. Tsalani bwino mpaka phunziro lotsatira.