Chiyankhulo cha Chitonthozo pa Maliro m'Madera a Mzinda wa Blantyre

1.0 Mawu Oyamba

Cholinga chathu m'pepala lino ndi kufotokoza mawu ndi zizindikiro zimene anthu a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri amagwiritsa ntchito potonthozana pamene kwagwa maliro. M'madera amenewa mumakhala anthu a mitundu yosiyanasiyana: Amang'anja, Ayao, Alomwe, Asena, Angoni ndi ena. Komabe pamaliro chiyankhulo chimene chimawalumikiza onsewa ndi Chichewa. Pachifukwa chimenechi, siwa ya m'tauni ndi malo abwino oonerapo mmene chiyankhulo chimasenzera katundu wolemera. Tiyamba ndi mawu onena za imfa, kenaka mawu otonthozera, zizindikiro zopanda mawu, ndi luso la nyimbo ndi la manja. Potsiriza titchula mfundo zoyenera kuziganizira pa ntchito yokonza chiyankhulo.

2.0 Kutchula Imfa Mwaulemu

Mneni woti kufa ndi wodziwika kwa aliyense, koma wobweretsa uthenga wa maliro sautchula. Taonani ziganizo izi:

(1) Agogo afa.
(2) Agogo amwalira.
(3) Agogo atisiya.
(4) Agogo atsikira kulichete.
(5) Kunyumba kwagwa zovuta.

Chiganizo (1) n'cholondola pa malamulo a chiyankhulo, koma wochiyankhula pamaso pa abale angaoneke wopanda mwambo, pakuti kufa kumanenedwanso za mbuzi ndi nkhuku. Chiganizo (2) ndicho chofala. M'chiganizo (3) woyankhula wadzilowetsa m'gulu la osiyidwa kudzera m'mphatikiri -ti-, ndipo potero wayamba kale kulira nawo. Chiganizo (4) n'chining'a. Chiganizo (5) sichitchula imfa n'komwe, koma womva aliyense ku Bangwe amadziwa kuti zovuta zogwa ndi maliro, osati ngongole kapena matenda.

Liwu loti maliro nalonso liyenera kulingaliridwa bwino. Limatanthauza mwambo wonse, komanso thupi la womwalirayo, monga ponena kuti "maliro anyamuka" kapena "aika maliro mawa". Motero anthu amapewa liwu loti mtembo, limene limamveka louma m'makutu a abale.

3.0 Mawu Otonthozera

Chichewa chili ndi njira yapadera yoonetsera kuti imfa yagwera amoyo. Kuchokera ku kufa timapeza kufera, ndipo poonjezera msintho wochitidwa timapeza kuferedwa kapena kufedwa:

(6) Mayi aja aferedwa mwana.

Mwininkhani m'chiganizochi si womwalirayo ayi, koma wotsalayo. Apa mpamene pachokera dzina loti namfedwa, ndi anamfedwa pochulukitsa kapena polemekeza. Tinganene kuti chiyankhulo chinampatsa wolira dzina lakelake, kuti anthu adziwe woyenera kumgwira mkono.

Mneni woti kutonthoza ndi msintho wochititsa wa kutonthola, monga mmene kuliza kwachokera ku kulira, ndi kukweza ku kukwera. Tanthauzo lake loyamba ndi kuchititsa munthu kuleka kulira. Koma mwambi woti "maliro n'kulirana" ukutionetsa kuti wotonthoza saletsa misozi, amayamba walira naye mnzakeyo. Mphatikiri -an- m'mwambiwu ukusonyeza ngongole imene siitha: amene sapita kukakhuza maliro a anzake amadzapeza pabwalo pake pali zii tsiku lake likafika.

Liwu lalifupi koposa onse ndi pepani. Wofika pasiwa amagwada kapena kunjuta, napereka dzanja, nanena liwu limodzi lokhali. Ponena choncho sakuvomera mlandu uliwonse. Akungosonyeza kuti zowawazo zamkhudza. Kuchokera pamenepa tili ndi kupepesa ndi chipepeso. Tsono chipepeso chili ndi matanthauzo awiri amene sayenera kusokonezedwa. Kubwalo la milandu ndi ndalama zolipira munthu wolakwiridwa. Pamaliro ndi kandalama, mbale ya ufa, mtolo wa nkhuni kapena paketi ya shuga, zoperekedwa ndi munthu amene sanalakwe kanthu. Mayina a opereka amalembedwa m'kope, ndipo amawerengedwa pagulu maliro asananyamuke. Wopereka zochepa amatchulidwa mofanana ndi wopereka zambiri, ndipo kuwerengako kumauza anamfedwa kuti sali okha.

4.0 Zizindikiro Zopanda Mawu

Woyenda m'misewu ya fumbi ya ku Ndirande kapena ku Machinjiri akapeza masamba aawisi atayalidwa mopingasa msewu amadziwa kuti patsogolo pali maliro. Woyendetsa galimoto amachepetsa liwiro ndi kutsitsa wailesi, wapanjinga amatsika, wovala chipewa amavula. Masambawa ali ngati chiganizo chomveka kwa anthu a ziyankhulo zonse, ngakhale osadziwa kuwerenga.

Pamaliro penipeni, malo okhala nawonso amayankhula. Amayi, atavala zitenje ndi mipango kumutu, amakhala m'nyumba pamodzi ndi anamfedwa. Abambo amachezera panja, pamoto. Mayi woferedwa sayenda yekha: anzake awiri amamgwira uku ndi uku popita kumanda. Ena amatunga madzi, ena amasonkha moto, osadikira kutumidwa. Okumba manda amatchedwa adzukulu, liwu lomwelo limene timatchulira ana a ana athu. Kumudzi ntchito imeneyi ili ndi eni ake odziwika. M'tauni, momwe ambiri amakhala m'nyumba za lendi kutali ndi abale awo, anansi ndi a mumpingo ndiwo amasanduka abale, ndipo mawu achibale monga achimwene, achemwali ndi amalume amatambasuka kuti awakwane.

5.0 Luso la Nyimbo ndi la Manja

Usiku wa maliro ndi wautali, ndipo chimene chimaufupikitsa ndi nyimbo. Amayi a Mvano a mpingo wa CCAP mu Sinodi ya Blantyre, amayi a Dorika a mpingo wa Seventh-day Adventist, makwaya a Katolika ndi magulu ena amalandizana kuyimba kufikira mbandakucha. Nyimbo zambiri za m'mabuku a mipingo zinamasuliridwa kuchokera ku Chingerezi, ndipo nthawi zina kamvekedwe ka mawu a Chichewa kamapindika kuti katsate mayimbidwe achilendo. Nyimbo zazifupi zopekedwa konkuno, za mtsogoleri ndi ovomera, zimatsata bwino kayankhulidwe ka anthu, ndipo n'zimene khamu lonse limalowamo mosavuta. Asilamu, amene amaika maliro mwamsanga, analemeretsa Chichewa cha m'tauni ndi mawu monga sanda, jeneza ndi sadaka.

Luso la manja laperekanso matanthauzo atsopano kwa mawu akale. Nkhata inali kansalu kapena udzu wopota woika pamutu posenza mtsuko. Lero ndi maluwa olukidwa mozungulira oika pamanda, ndipo abale amaitanidwa mwandondomeko kukaika nkhata zawo. Amisiri a matabwa a ku Ndirande amakhoma mabokosi, ndipo olemba zikwangwani amalemba pamitanda ndi paziliza mawu oti mzimu wa malemu uuse mumtendere. Mawu amenewa anatsata kanenedwe ka Chingerezi, koma akhazikika kotero kuti palibenso amene amawayesa achilendo. Mawu obwereka monga bokosi, mochale, kwaya ndi tenti nawonso alowa m'chiyankhulo ndipo amalembedwa Mwachichewa. Kukumbukira omwalira kudzera m'nyimbo kumaonekanso ku Chileka, kumene gulu la Black Missionaries lakhala likuchita mwambo wokumbukira Evison Matafale, amene anamwalira mu 2001.

6.0 Pamene Mwambo Wasokonezeka

Zochitika ziwiri zinayesa mphamvu ya chiyankhulo chimenechi. Mu 2020 ndi 2021, chifukwa cha mliri wa COVID-19, boma linachepetsa chiwerengero cha anthu osonkhana pamaliro, ndipo anthu analangizidwa kuleka kupatsana moni wa m'manja. Liwu loti pepani linatsala lokha, lopanda dzanja, ndipo ambiri analitumiza pa foni pamodzi ndi chipepeso chawo.

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, kufupi ndi Zingwangwa. Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, analengeza masiku 14 olira maliro m'dziko lonse. Anthu mazanamazana anamwalira m'chigawo cha kumwera, ndipo ambiri sanapezeke. Apa matanthauzo awiri a liwu loti maliro analekana: panali kulira, koma kwa mabanja ena panalibe maliro oti aike. Mawu oti "osowa" kapena "amene sakudziwika komwe ali", amene anamveka m'malengezo, sanathe kuuza mayi ngati ali namfedwa kapena ayi.

7.0 Mfundo Zoti Tiziganizire

Ntchito yosonkhanitsa mawu m'dera lino ndi yakale. David Clement Scott wa ku Mishoni ya Blantyre anatulutsa mtanthauziramawu wa Chimang'anja mu 1892, ndipo Alexander Hetherwick anaukonzanso mu 1929. Bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo mu 1996 ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies, imene inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Poonjezera pa ntchito imeneyi, tikupereka maganizo atatu.

Choyamba, mtanthauziramawu asamangonena kuti kufa, kumwalira ndi kutisiya n'zofanana, koma azisonyeza amene angayankhule liwu lililonse, kwa yani, ndiponso pamalo otani. Chachiwiri, omasulira zikalata za boma, za makhoti ndi za inshuwalansi azisiyanitsa chipepeso cha mlandu ndi chipepeso cha maliro, kuti mphatso isamveke ngati malipiro, kapena malipiro ngati mphatso. Chachitatu, ophunzira za udokotala ndi unamwino, amene amaphunzira m'Chingerezi koma amakumana ndi abale a odwala m'Chichewa, aziphunzitsidwa mawu oyenera ouzira banja kuti wodwala wawo watisiya. Namwino wonena chiganizo (1) m'malo mwa chiganizo (3) sanalakwitse lamulo lililonse la chiyankhulo, komabe banjalo lidzakumbukira liwu limenelo kwa zaka zambiri.