Kodi Sukulu Imabweza Mpamba?



Abale ndi alongo athu okondedwa, amene mukumvera mau awa m'makomo mwanu, pali funso limene timalimva kawirikawiri tikamayendera miphakati. Makolo amati: "Bambo mfumu, tidagulitsa mbuzi ndi chimanga kuti mwana aphunzire, lero satifiketi ili m'sutikesi ndipo iye akulima nafe limodzi. Nanga mng'ono wakeyu timtumizirenji kusukulu?" Funso limeneli ndi la anthu amene adataya thukuta, ndipo liyenera kuyankhidwa moona. Mu Mthenga Wabwino wa Mateyo, mutu 25, Ambuye Yezu adafanizira Ufumu wa Kumwamba ndi munthu amene adasiyira antchito ake chuma, nadzawafunsa pobwera kuti adapindula nacho chiyani. Tsono popeza Ambuye mwini sadachite manyazi kulankhula za mpamba ndi phindu, ifenso tiyeni timve zimene akatswiri a zachuma adapeza pofufuza nkhani ya sukulu ndi ntchito.

Tiyambe ndi Theodore Schultz, mwana wa mlimi wa ku South Dakota m'dziko la America. Iye adazizwa poona kuti Germany ndi Japan, maiko amene adasanduka mabwinja pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, adadzuka msanga koposa m'mene anthu ankaganizira. Mabomba adagwetsa nyumba ndi mafakitale, koma sadafafanize nzeru ndi luso zimene zidali m'mitu ndi m'manja mwa anthu otsala. Motero m'chaka cha 1960 adauza akatswiri anzake kuti maphunziro ndi mpamba weniweni, wosungidwa mwa munthu. Gary Becker adakuza ganizo limeneli m'buku lake la 1964, ndipo mu 1974 Jacob Mincer adaonetsa njira yowerengera m'mene malipiro a munthu amakwerera malinga ndi zaka zimene adakhala pasukulu ndi zaka zimene wakhala pantchito.

Kuwerengera kwao kuli ngati kwa mlimi wa fodya. Mbali imodzi amaika zolowa: fizi kumene ilipiridwa, makope, yunifolomu, ndiponso chinthu chimene makolo akumudzi amachidziwa bwino koposa akatswiri, ndicho ntchito imene mwana akadagwira kumunda kapena ku ganyu pa nthawi imene ali m'kalasi. Mbali inayo amaika zotuluka, ndiye kuti malipiro oonjezera amene munthuyo adzalandira moyo wake wonse. George Psacharopoulos adayamba kusonkhanitsa mawerengero otere a maiko ambiri mu 1973. Mu 2018, iye pamodzi ndi Harry Patrinos ataunika zofufuza za m'maiko 139, adapeza kuti chaka chimodzi choonjezera cha sukulu chimakweza malipiro ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 alionse. Kunena kwina, ngati wina alandira K100,000 pa mwezi, mnzake amene adampitirira ndi kalasi imodzi amayembekezeka kulandira pafupifupi K109,000, ndipo kusiyanako kumabwera mwezi ndi mwezi mpaka atapuma pantchito. Adapezanso kuti phindu limeneli limakula koposa kwa ana aakazi.

Koma akatswiri ena adakayika. Adati: kodi ndi sukulu imene imakweza malipiro, kapena ndi kuti ana anzeru zachibadwa ndi ana a mabanja opata ndiwo amakhalitsa pasukulu, ndipo akadapeza bwino ngakhale popanda sukuluyo? Mu 1973 Michael Spence adafotokoza kuti satifiketi nthawi zina imangokhala chizindikiro: wolemba ntchito sangathe kuona m'mutu mwa munthu, choncho amayang'ana pepala kuti asankhe. Ngati ndi choncho basi, ndiye kuti sukulu ndi sefa yopatula anthu, ndipo dziko silipindula kanthu poimanga.

Yankho lomveka lidachokera ku Indonesia. Pakati pa 1973 ndi 1978 boma la kumeneko lidamanga sukulu za pulaimale zoposa 61,000, zigawo zina zambiri, zina zochepa. Esther Duflo, amene adalandira mphoto ya Nobel mu 2019, adayerekeza anyamata amene adali aang'ono pamene sukuluzo zinkatsegulidwa ndi akulu ao amene msinkhu wa pulaimale udali utawapitirira kale. Iwowa adali ana obadwira m'zigawo zimodzimodzi. Chowasiyanitsa chidali chakuti ena sukulu idawafikira pa nthawi yake. Mu 2001 adalengeza kuti ang'onowo adaphunzira zaka zochulukirapo, ndipo atakula adalandira malipiro okwererapo, pafupifupi magawo 7 mpaka 11 pa 100 pa chaka chilichonse cha sukulu. Apa zidaoneka kuti sukulu imaikadi kanthu mwa munthu.

Nanga bwanji mwana uja ali kumudzi ndi satifiketi yake? Pali zinthu zitatu zimene zofufuzazi zimatichenjeza.

Choyamba, mawerengero ambiri aja adatengedwa kwa anthu olandira malipiro a pamwezi, pamene kuno ku Malawi anthu ambiri amadya za kumunda ndi za malonda ang'onoang'ono. Sukulu payokha sitsegula fakitale. Ronald Dore, m'buku lake la 1976 lonena za Britain, Japan, Sri Lanka ndi Kenya, adatcha vutoli nthenda ya masatifiketi: ntchito zikachepa ndi ophunzira kuchuluka, olemba ntchito amangokweza pepala lofunika, kotero kuti ntchito imene atate adailowa ndi Sitandade 8, mwana amaifunira Folomu 4, mdzukulu digiri. Komabe tisafulumire kunena kuti wobwerera kumunda wataya zonse. Mu 1980 Marlaine Lockheed, Dean Jamison ndi Lawrence Lau adapeza kuti alimi amene adapitako kusukulu amakolola zochulukirapo, makamaka kumene kwafika mbeu zatsopano ndi feteleza. Chifukwa chake n'chodziwika: mlimi wodziwa kuwerenga amamva malangizo a pa thumba la mankhwala, amawerengera ngongole asanaitenge, ndipo wogula sangamubere pa sikelo.

Chachiwiri, kukhala m'kalasi ndi kuphunzira n'zosiyana. Pamene dziko lathu lidachotsa fizi ku pulaimale mu 1994, ana olembetsa adachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chidali chinthu chabwino, koma aphunzitsi, zipinda ndi mabuku sizidachuluke mofanana, ndipo ana ambiri adaphunzirira pansi pa mitengo. Eric Hanushek ndi Ludger Woessmann adaonetsa kuti chimene chimakweza chuma cha dziko ndi zimene ana akudziwadi, koposa zaka zimene adakhala pabenchi. Lipoti la World Bank la 2018 lidadandaula kuti m'maiko osauka ana miyandamiyanda amatha zaka zingapo pasukulu osatha kuwerenga chiganizo chimodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachitatu, phindu la sukulu limabwera mochedwa, pamene njala ili lero. M'zaka za 2008 ndi 2009, Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler adachita kafukufuku m'boma la Zomba. Mabanja ena a atsikana adalandira kandalama mwezi ndi mwezi pa pangano lakuti mwana asajombe kusukulu. Ena adalandira popanda pangano. Kumene kudali pangano, atsikana adakhalitsa pasukulu ndi kukhoza bwinopo. Kumene kudalibe pangano, maukwati ndi mimba za atsikana zidachepa, makamaka pakati pa amene adali atasiya sukulu. Phunziro lake ndi lakuti kawirikawiri chimene chimatulutsa mtsikana m'kalasi ndi kumkankhira ku banja ndi umphawi wa pakhomo, ndipo thandizo laling'ono lofika pa nthawi yake lingathe kusintha njira ya moyo wake.

Tsono Eklezia amanena chiyani? Timalandira zofufuzazi ndi kuthokoza, pakuti choona chilichonse chimachokera kwa Mulungu. Koma timaonjezapo mau amene sikelo ya akatswiri siingayeze. Msonkhano Wachiwiri wa Vatican udaphunzitsa mu 1965 kuti munthu aliyense ayenera kuphunzira chifukwa cha ulemerero wake ngati munthu, ndi kuti aphunzitsi oyamba a mwana ndi makolo ake. Papa John Paul II, m'kalata yake ya 1981 yonena za ntchito, adatikumbutsa kuti munthu ndiye aposa mpamba, ndi kuti mtengo wa ntchito uchokera kwa munthu woigwirayo. Mwana si ng'ombe yoweta kuti tidzagulitse. Mwana wolumala, amene mwina sadzalandirapo malipiro, ali nawo ufulu wa kuphunzira monga mnzake amene adzakhala dokotala.

Motero inu makolo, musamtulutse mng'ono uja m'kalasi chifukwa cha mkulu wake amene sadapeze ntchito. Ndipo pamene ndalama zachepa, mtsikana asakhale woyamba kutsala. Musakhutire poona mwana atavala yunifolomu: madzulo mpatseni buku la mapemphero akuwerengereni, ndipo ngati wafika Sitandade 4 akudodoma, pitani mukakambirane ndi aphunzitsi ake, pakuti m'mera mpoyamba. Musanyoze ntchito za manja. Yosefe Woyera adalera Mwana wa Mulungu ndi ntchito yopala matabwa, ndipo mnyamata wodziwa kumanga, kusoka kapena kukonza njinga zamoto amadya pamene wodikira ofesi akugona ndi njala.

Inu akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati, mumadziwa nyumba iliyonse. Lembani maina a ana amene asiya sukulu, mufunse chifukwa chake, ndipo ngati chosowa ndi makope kapena sopo, mphakati usonkhe. Makolo athu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo inu achinyamata amene muli kumudzi ndi satifiketi, kumbukirani kuti wantchito amene mbuye uja adamdzudzula ndi amene adakumba pansi nabisa chuma. Phunzitsani ang'ono anu kuwerenga, sungani mabuku a gulu la alimi, limani monga munthu wophunzira.

Mulungu Mphambe, amene adatipatsa ana kuti tiwalere, atipatse nzeru ndi kupirira, kuti pa tsiku lowerengera tidzaonetse phindu la zimene adatisungitsa. Amayi Maria, mpando wa nzeru, atipempherere. Amen.